Banja la Bugulidae: Tinyama ta M'nyanja Tokhala M'mudzi Wonga Chitsamba

Munthu akaima pa doko la nyanja yamchere, monga la Durban ku South Africa kapena la San Diego ku America, nasuzumira pa mizati ya m'madzi pamene amamangirira zombo, kaŵirikaŵiri amaona timitengo tofiirira titamamatira pamenepo, totalika ngati chala cha munthu wamkulu. Timitengoti tili ndi nthambi, tili ndi tinthu tonga mizu, ndipo timaŵerama uku ndi uku mafunde akamadutsa. Aliyense woona angathe kulumbira kuti ndi zomera, kapena ndere za m'nyanja. Komatu si zomera ayi. Kamtengo kalikonse ndi mudzi wa tinyama mazanamazana, mwinanso zikwi, ndipo kanyama kalikonse kali ndi kamwa, mimba ndi kanyumba kakekake.

Nkhani ya lero ikunena za banja limodzi la tinyama totere, lomwe akatswiri a zamoyo amalitcha Bugulidae. Omvera amva mmene banjali linapezera malo ake m'kaundula wa zolengedwa, mmene thupi la kanyama kamodzi linapangidwira, ndiponso chifukwa chake ntchito yopatsa tinyama maina, imene ena amaiyesa yongotayitsa nthaŵi, inadzakhala yofunika kwa ofufuza mankhwala ndi kwa oyang'anira madoko.

Chomera kapena nyama?

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira a ku Ulaya ankaika zamoyozi pamodzi ndi zomera za m'nyanja. Mmodzi mwa amene anatsutsa maganizo ameneŵa anali John Ellis, munthu wamalonda wa ku London, yemwe ankakonda kutola zinthu m'mphepete mwa nyanja ndi kuziunika pa galasi lokuza zinthu. M'buku lake la chaka cha 1755 iye anajambula timitengo tambiri totere, nasonyeza kuti m'nthambi zake mumakhala tinyama. Pa mtundu wina anaonapo timipira toyera tomamatira ku nthambi, ndipo anatiyesa tiana ta nkhono. Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1758, Carl Linnaeus wa ku Sweden anautcha mtunduwo Sertularia neritina. Liwu lachiŵirilo linachokera ku dzina la nkhono za m'nyanja zotchedwa Nerita, kotero kuti kulakwitsa kwa Ellis kunatsalira m'dzinalo mpaka lero, ngakhale kuti timipira tija si nkhono konse.

Linnaeus nayenso anasokoneza zinthu. Iye anaika kanyamaka m'gulu limodzi ndi tinyama tina tanthambi tomwe ndi abale a matanthwe amoyo a m'nyanja otchedwa korali. Kunja zimafanana ndithu, koma m'kati n'zosiyana kwambiri. Abale a korali ali ndi khomo limodzi lokha: chakudya chimaloŵera pomwepo ndipo zotsala zimatulukiranso pomwepo. Tinyama ta nkhani ino tili ndi makomo aŵiri, loloŵera ndi lotulukira, komanso matumbo enieni pakati pake.

Amene anaona bwino kusiyana kumeneku anali John Vaughan Thompson, dokotala wa asilikali yemwe ankakhala ku Cork m'dziko la Ireland. M'chaka cha 1830 iye anazipatula zamoyozi nazitcha Polyzoa, kutanthauza nyama zambiri. Chaka chotsatira, cha 1831, Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany anazitcha Bryozoa, kutanthauza nyama zonga ndere. Maina aŵiriŵa anapikisana kwa zaka zoposa 100, Angerezi akukakamira la Thompson pamene ena akutsata la Ehrenberg, kufikira dzina la Bryozoa linapambana.

Makwerero a kaundula

Monga munthu adziŵika ndi mtundu wake, mfunda wake, banja lake, kenaka dzina lakelake, zamoyonso zimalembedwa m'makwerero oyambira pa khamu lalikulu kutsikira pa laling'ono. Pamwamba penipeni pali fuko la Bryozoa, lomwe lili ndi mitundu yamoyo pafupifupi 6,000, kuphatikizapo mitundu inanso yochuluka kuposa pamenepo imene inatha kalekale ndipo imangopezeka itasanduka miyala. Zigoba zake zimapezeka m'miyala ya zaka zoposa 470 miliyoni zapitazo.

Fukoli amaligaŵa m'zigawo zitatu. Chigawo choyamba, cha Phylactolaemata, n'cha m'madzi opanda mchere okhaokha, m'mitsinje, m'madamu ndi m'nyanja za pakati pa mtunda, ndipo mitundu yake ndi yoŵerengeka. Chachiŵiri, cha Stenolaemata, n'cha tinyama tokhala m'timipope tolimba ta njereza. Chigawo chimenechi chinali champhamvu kalelo, koma magulu ake ambiri anatha. Chachitatu, cha Gymnolaemata, ndicho chachikulu masiku ano, ndipo pafupifupi mitundu yake yonse ndi ya m'nyanja yamchere.

M'kati mwa chigawo chachitatuchi muli gulu la Cheilostomata, lomwe George Busk wa ku London analitcha dzinali m'chaka cha 1852. Dzinalo limanena za kamwa lokhala ndi mlomo, pakuti tinyama tambiri ta m'gululi tili ndi kachitseko kotsekera khomo la kanyumba. Gulu limeneli ndilo lili ndi mitundu yochuluka koposa m'fuko lonse, ndipo m'menemo ndimo muli banja la Bugulidae. Banjali analikhazikitsa ndi John Edward Gray wa ku British Museum m'chaka cha 1848, potengera dzina la Bugula, limene Lorenz Oken anapereka m'chaka cha 1815 kwa mbumba ya kanyama konyamula “nkhono” kaja. Chotero Sertularia neritina ya Linnaeus inasanduka Bugula neritina.

Tsono katswiri akatola kamtengo m'nyanja, amadziŵa bwanji kuti n'ka m'banja la Bugulidae? Amayang'ana zizindikiro zingapo pamodzi. Mudziwo umaima chilili ngati chitsamba, osati kuyala pa mwala ngati mphasa monga achitira abale ake ambiri. Nthambi zake zimagaŵikana paŵiripaŵiri. Makoma a tinyumba ali ndi njereza yochepa chabe, motero kamtengo kamakhala kofeŵa ndi kopindika. Tinyumba tonse timayang'ana mbali imodzi ya nthambi, ndipo kutsogolo kwa kanyumba kalikonse kuli kachikopa kopyapyala m'malo mwa khoma lolimba. Pansi pali tizingwe tonga mizu togwirira pa mwala kapena pa thabwa. Ndipo mitundu yambiri ili ndi tinthu tonga mitu ya mbalame, timene tifotokozedwe posachedwa. Banja loyandikana nalo, la Candidae, limamanganso timitengo, koma nthambi zake zambiri zili ndi mfundo zopindikira ndiponso tizikwapu tosesera, zomwe zimathandiza kusiyanitsa mabanja aŵiriŵa.

Abale a m'banjali sakhala pa madoko pokha. Mbumba ya Dendrobeania imakonda madzi ozizira a kumpoto, ya Camptoplites imachuluka m'nyanja zozungulira Antarctica, pamene ya Kinetoskias imakhala m'madzi akuya mopanda kuŵala kwa dzuŵa, itaima pa phesi lalitali lozikika m'matope. Chombo cha Challenger, chomwe chinazungulira dziko lapansi kuyambira 1872 mpaka 1876 pofufuza za pansi pa nyanja, chinavuula mitundu yambiri yotere, ndipo Busk yemwe uja ndiye anailongosola.

Kanyumba ndi mwini wake

Kanyama kamodzi ka m'mudzimu akatswiri amakatcha zooid. Mu Bugula neritina utali wake sukwana ngakhale milimita imodzi. N'kochepa ngati njere ya bonongwe. Tinyamati timandanda m'mizere iŵiri pa nthambi iliyonse, kena kumanja kena kumanzere mosinthanasinthana, monga mapazi a munthu woyenda pa mchenga.

Thupi lake lili ndi magawo aŵiri. Gawo loyamba ndi kanyumba, konga bwato laling'ono. Kanyumbaka si chinthu chakufa ngati chigoba cha nkhono chotayidwa. Ndi khoma la thupi lenilenilo, lokhala ndi mnofu wamoyo m'kati mwake. Gawo lachiŵiri ndi mwini nyumba, ndiye kuti timanja todyera, matumbo, minyewa ndi kaubongo kakang'ono kokhala pakati pa kamwa ndi khomo lotulukira zotsala.

Kanyamaka kakafuna kudya kamatulutsa mutu monga achitira fulu, koma njira yake ndi ina. M'kanyumba muli madzi a m'thupi okhaokha. Timinyewa tina tolumikiza makoma a m'mbali ndi kachikopa ka kutsogolo kaja tikakokeka, kachikopako kamaloŵa m'kati ndi kupanikiza madziwo. Posoŵa kothaŵira, madzi amakankhira mwini nyumba kunja kudzera pa khomo la pamwamba. Apa m'pamene paonekera ubwino wa khoma lofeŵa la kutsogolo: likanakhala louma gwa, kanyamako sikakanatha kutuluka mwa njira imeneyi. Kubwerera m'nyumba ndiko kwachangu zedi. Pali mnyewa wamphamvu womangirira mutu ku tsinde la kanyumba, ndipo chinthu chikangokhudza timanja, mnyewawo umakokera zonse m'kati m'kuphethira kwa diso. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale banjali lili m'gulu la tinyama ta zitseko, tinyama todya ta Bugula tilibe chitseko chokhwima. Khomo limangotsekedwa ndi mlomo wofeŵa wa kachikopa komweko.

Kanyamako kakatuluka, timanja take timatambasuka mozungulira kamwa ngati fanulo, kapena ngati mono woimika choyang'ana kumwamba. Bugula neritina ili ndi timanja 23 kapena 24. Pa kadzanja kalikonse pali mizere ya tiubweya tosaoneka ndi maso, timene timapalasa madzi mosalekeza. Madziwo amaloŵa pamwamba pa fanuloyo, natsikira ku kamwa, n'kutulukira m'mipata ya pakati pa timanja, kusiya tizomera ting'onoting'ono toyandama m'nyanja, tomwe ndito chakudya chake. Nthaŵi zina kadzanja kamodzi kamapindika msangamsanga kukankhira kachidutswa ka chakudya ku kamwa.

Matumbo ake ndi opindika ngati ndodo ya uta wokunga kwambiri: amatsika kuchoka ku kamwa, kudzera ku m'mero ndi ku chifu, kenaka n'kubwerera m'mwamba. Khomo lotulukira zotsala lili kunja kwa mzere wa timanja, kotero kuti zonyansa sizisakanikirana ndi chakudya. Kanthu kakang'ono kameneka n'kofunika m'kaundula. M'chaka cha 1869 Hinrich Nitsche anaona kuti tinyama tina tofanana ndi timeneti tili ndi khomolo m'kati mwa mzere wa timanja, ndipo anatipatula natitcha Entoprocta. Lero timenetoto timaŵerengedwa ngati fuko lina lapadera.

Pali ziŵalo zina zomwe munthu angayembekeze kuzipeza koma palibe. Kanyamaka kalibe mtima, kalibe mitsempha ya magazi, kalibe mapapo kapena makha onga a nsomba, ndiponso kalibe impso. Popeza n'kochepetsetsa, mpweya wa m'madzi umangoloŵa kudzera pa timanja ndi pa khungu. Nanga zoipa zounjikana m'thupi zimapita kuti? Pakatha masabata oŵerengeka mwini nyumba amakalamba, ziŵalo zake n'kufota mpaka kusanduka kampira kofiirira. Kanyumba kokha sikafa. Khoma lake limaphuka mwini nyumba watsopano, wa timanja ndi matumbo atsopano, ndipo moyo umapitirira m'nyumba yomweyo. M'mitundu ina kampira kofiirirako kamatulutsidwa kunja, pamene m'mitundu ina kamatsala m'kati. Akatswiri ambiri amaona kuti imeneyi ndi njira imodzi yochotsera zoipa m'thupi lopanda impso.

Mudzi wa nkhokwe imodzi

Tinyumbati sitinangogundana ayi, n'tolumikizana. M'makoma ake muli timaboo, ndipo pa timaboopo pamadutsa tizingwe ta mnofu tochokera ku chifu cha kanyama kena kupita kwa kanzake. Chakudya chogayidwa chimayenda m'tizingwe timeneti kuchoka kwa odya kupita ku nsonga za nthambi kumene kukuphuka tinyama tatsopano, ndiponso kwa anzawo amene sadya okha. Mudzi wonse umadyera m'nkhokwe imodzi.

Kulumikizana kumeneku ndiko kunatheketsa kugaŵana ntchito. Popeza kanyama kangathe kudyetsedwa ndi anzake, si tonse tiyenera kukhala ndi kamwa. “Mizu” ija ya pansi pa kamtengo si mizu konse, ndipo siyamwa kanthu; ndi tinyama tomwe tinataya timanja ndi matumbo, n'kutalika ngati ulusi kuti tigwirizize mudzi pa mwala. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pano pali tinyama tomwe ntchito yake yonse ndi kukhala mzati wa anzawo.

Mitu ya mbalame

Chiŵalo chotchuka koposa cha banjali ndi chimene akatswiri amachitcha avicularium, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kambalame. Pa mbali ya tinyumba ta mitundu yambiri pamakhala kanthu kooneka ndendende ngati mutu wa mbalame yolusa: kali ndi mlomo wam'mwamba wokhota, nsagwada yam'munsi yotseguka kwambiri, ndi kakhosi kafupi kamene mutuwo umagwedezekerapo. Ellis anationa timitu timeneti, ndipo mtundu wina anautchula ndi dzina lonena za mutu wa mbalame.

Charles Darwin, paulendo wake wa pa chombo cha Beagle, anafika ku zilumba za Falkland m'zaka za 1833 ndi 1834, ndipo anatiyang'anitsitsa timitu totere. M'buku la ulendowo, lomwe linatuluka mu 1839, anatifanizira ndi mutu wa muimba. Anafotokoza kuti akatikhudza ndi singano tinkaluma zolimba kotero kuti nthambi yonse inkatha kugwedezeka nayo singanoyo, ndiponso kuti akachotsa mwini nyumba woyandikana nako, kamutuko kankapitirizabe kutsegula ndi kutseka mlomo ngati palibe chachitika.

Kodi kanthu kameneka n'chiyani? Yankho lake ndi lakuti kamutu kalikonse ndi kanyama kathunthu ka m'mudzimo kamene kanasintha maonekedwe. Mutuwo ndi kanyumba kake. Nsagwada yam'munsi ndi chitseko chija cha tinyama ta Cheilostomata, chitakula ndi kukhwima. Minyewa yotsekera chitseko inakula mpaka kudzaza mutu wonse. Mwini nyumba anafota, n'kungotsala kachotupa kakang'ono ka tiubweya tomvera kukhudza. Kanyamaka sikadya, sikabereka. Kamangodikira ndi mlomo wotsegula, anzake n'kumakatumizira chakudya kudzera m'tizingwe tija.

Timitu timeneti tinaloŵa ngakhale m'mkangano waukulu wa sayansi. M'chaka cha 1871 St George Mivart anatsutsa chiphunzitso cha Darwin cha kusintha kwa zamoyo, ndipo mwa zitsanzo zake anatchula timitu ta mbalameti, ponena kuti timafanana ndi tizipani ta pa khungu la nyama zina za m'nyanja zosagwirizana nato konse. Darwin anayankha mu 1872, m'kusindikiza kwachisanu ndi chimodzi kwa buku lake lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo. Pothandizidwa ndi zomwe Busk ankadziŵa, iye anasonyeza kuti kufananako n'kwa kunja kokha, ndiponso kuti pakati pa mitundu yamoyo pali masitepe ooneka, kuyambira pa kanyumba wamba ka chitseko mpaka pa mutu wa mbalame weniweni.

Ntchito yake yaonedwa ndi maso. Tinyongolotsi ndi tinkhanu ting'onoting'ono tikamakwaŵa pa nthambi, pofuna kudya tinyamato kapena kumanga tizisa pamwamba pawo, timitu tija timagwira mwendo kapena mchira wa mlendoyo n'kuukanikiza kwa nthaŵi yaitali. Ndiwo alonda a mudzi. Kwa wolemba kaundula timituti ndi chizindikiro chamtengo wapatali, chifukwa kukula kwake, kukhota kwa mlomo ndi malo amene tamera pa kanyumba zimasiyana mtundu ndi mtundu. Komabe mtundu wotchuka koposa wa banjali, Bugula neritina, ulibe timitu timeneti ngakhale kamodzi, ndipo ulibenso minga imene abale ake ambiri ali nayo. Kusoŵa kwa zinthu ziŵirizi, pamodzi ndi mtundu wake wofiirira modera, ndiko kumathandiza kuuzindikira.

“Nkhono” za Ellis

Timipira toyera tomwe Ellis anatiyesa nkhono ndi tizipinda tolereramo ana. Kanyama kamodzi kamakhala ndi mphamvu yachimuna ndi yachikazi yomwe. Mbewu yachimuna imatulutsidwa m'madzi kudzera ku nsonga za timanja, ndipo imakokedwa ndi madzi oloŵa m'fanulo ya kanyama kena. Dzira likakhwima limasamutsidwira m'kachipinda kozungulira kokhala pamwamba pa kanyumba, ndipo m'kachipindamo mumaleredwa mwana mmodzi pa nthaŵi imodzi. Dzira la Bugula neritina ndi laling'ono kwambiri, lopanda chakudya chokwanira, choncho mayi amadyetsa mwanayo kudzera pa kachikopa kotsekera chipindacho, mofanana ndi mmene nsengwa imadyetsera mwana m'mimba mwa nyama zoyamwitsa. Pomadzatuluka, mwanayo amakhala atakula kuŵirikiza nthaŵi mazana angapo.

Kuŵala kwa m'maŵa kukafika, tiana timatuluka. Kamwana kamakhala kozungulira, kokutidwa ndi tiubweya tosambirira, ndipo kalibe kamwa. Motero kali ndi maola oŵerengeka okha oti kapeze pokhala mphamvu zake zisanathe. Kakapeza malo olimba, kaya ndi mwala, chingwe, mzati kapena pansi pa chombo, kamadzimata pamenepo, thupi lake n'kusandulika, ndipo pakapita masiku aŵiri kapena kuposerapo pang'ono kamakhala kanyama koyamba ka mudzi watsopano. Kholo limeneli limaphuka kanyama kachiŵiri, kachiŵiriko kachitatu, mpaka kamtengo kataima. Onse a m'mudzimo ndi mphukira za kholo limodzi, monga mmene munda wa chinangwa ungachokere ku phesi limodzi.

Pamene dzina likhala nkhani ya mankhwala

Popeza tiana timeneti sitisambira mtunda wautali, munthu angayembekeze kuti mtundu uliwonse uzipezeka dera limodzi. Koma Bugula neritina imapezeka m'madoko a madzi ofunda ndi ofundirako pafupifupi pa dziko lonse. Zoinyamula ndi zombo. Imamera pansi pa chombo pamodzi ndi zamoyo zina zomamatira, ndipo imapirira ngakhale mkuwa umene amathira m'penti yoteteza zombo. Katundu wamoyo ameneyu amachedwetsa chombo ndi kuonjezera mafuta amene chimamwa, amatseka mipope yokoka madzi a m'nyanja, ndiponso akafika ku doko lachilendo amalanda malo a zamoyo za komweko. Ku South Africa mtunduwu umaŵerengedwa pakati pa zamoyo zobwera. Woyang'anira doko sangadziŵe chobwera ndi cha pomwepo ngati maina sali olongosoka.

Phindu lina la kanyamaka linadziŵika kudzera mwa George Pettit wa ku Arizona State University, yemwe mu 1968 anayamba kufufuza Bugula neritina yotoledwa ku Gulf of Mexico. Anapezamo mankhwala olepheretsa kukula kwa maselo ena a khansa, ndipo mu 1982 gulu lake linalengeza kapangidwe ka mankhwalawo, omwe anawatcha bryostatin 1. Vuto linali kuchepa kwake. Pamene bungwe la boma la America lofufuza za khansa linafuna okwanira kuyesera pa odwala, anavuula matani pafupifupi 14 a timitengoti ku gombe la California, ndipo anapezamo magalamu 18 okha, osadzaza ngakhale masupuni aŵiri aakulu.

Kunapezekanso kuti timitengo ta malo ena tinali ndi mankhwala ofunikawo pamene ta malo ena tinalibe, chonsecho tonse tinali ndi dzina limodzi ndi maonekedwe amodzi. Margo Haygood ndi Seana Davidson, ofufuza a ku Scripps ku California, anamasula mfundo imeneyi. Mu 1997 anasonyeza kuti m'thupi mwa tiana ta kanyamaka mumakhala mabakiteriya a mtundu wapadera, ndipo kafukufuku wotsatira analoza kwa mabakiteriyawo kuti ndiwo amapanga mankhwala aja. Mu 1999, poyerekeza DNA, anapeza kuti chomwe ankachitcha Bugula neritina ku California chinali mitundu iŵiri yofanana nkhope: wina wokonda madzi akuyako, womwe uli ndi bryostatin 1, ndi wina wa m'madzi osaya, womwe uli ndi mankhwala ena a m'gulu lomwelo koma ulibe ameneŵa. Pambuyo pake kunapezeka mtundu wachitatu ku gombe la kum'maŵa kwa America. Ofufuza ena anaonanso chifukwa chake kanyamaka kamasunga alendo ameneŵa: mankhwalawo amakuta tiana tija, ndipo nsomba zikatilaŵa zimatilavula.

Bryostatin 1 wayesedwa pa odwala khansa, pa matenda oiŵalitsa okalamba a Alzheimer, ndiponso pofufuza njira yovumbulira kachirombo ka HIV kobisala m'maselo, koma kufikira tsopano sanavomerezedwe kukhala mankhwala operekedwa m'zipatala. Mu 2017 Paul Wender ndi anzake a ku Stanford University analengeza njira yowapangira m'nyumba yofufuzira pa mlingo wokwanira, kotero kuti sipafunikanso kukokolola matani a tinyama m'nyanja.

DNA yomweyo inagwedezanso kaundula wa banja lonse. Mu 2015 Karin Fehlauer-Ale ndi anzake anayerekeza DNA ndi maonekedwe a mitundu yambiri, napeza kuti mbumba ya Bugula inali itasonkhanitsa mibadwo yosiyana pansi pa dzina limodzi. Anaigaŵa panayi. Dzina la Bugula linatsalira kwa neritina ndi abale ake enieni. Maina aŵiri akale a Gray, Bugulina ndi Crisularia, anaukitsidwa. Ndipo mtundu wina wobiriŵira unapatsidwa mbumba yatsopano, Virididentula. Mtundu wa mutu wa mbalame umene Ellis anajambula tsopano uli mu Bugulina. Chochititsa chidwi n'chakuti magawo amene DNA inasonyeza anagwirizana ndi zizindikiro zooneka pa galasi, monga minga, malo a timitu ta mbalame ndi kakhalidwe ka tizipinda ta ana.

Kuchokera pa Ellis mu 1755 kufika pa kugaŵidwa kwa 2015 papita zaka 260, ndipo m'nyengo yonseyi kamtengo ka pa doko kaja kakhala chomera, mbale wa korali, chonyamula nkhono, kenaka mitundu itatu yobisala m'dzina limodzi. Kukonza kulikonse kunachokera kwa munthu amene anakhala pansi n'kuŵerenga timanja, kuyang'ana kumene khomo lili, kapena kuyesa kukhota kwa mlomo wochepa kuposa njere ya mchenga. Ofuna mankhwala ndi osamala madoko amadalira ntchito yoleza mtima imeneyo, pakuti wovuula matani 14 a mtundu wolakwika angabwerere chimanjamanja. Nkhani ya lero ya banja la Bugulidae yathera pamenepa.